Dontho la Madzi Pansi pa Galimoto la Fodya

Ife a ku zigwa za Kasungu tidziwa fodya kuyambira pa nazale kufikira m'belo, koma ndi owerengeka mwa ife amene adziwa mbiri ya kanthu kamene kaimika malole athu panjira, ndiko kudontha kwa madzi pa pampu ya injini. Dontho limeneli linasintha tanthauzo lace pakati pa masiku a makolo athu ndi athu ano, ndipo wosazindikira kusinthaku ataya injini yace.

Pamene A. F. Barron ndi R. W. Wallace anayamba kulimitsa fodya ku dziko la Lilongwe m'caka ca 1920, galimoto lodziwika linali Ford Model T. Ilo linalibe pampu ya madzi, kupatula oyamba owerengeka okha. Madzi akatentha anali kukwera okha kunka ku rediyeta, ndipo akazizira anali kutsika kubwerera ku injini. Koma injini zitakula, ndi akatundu atalemera, kuyenda kotere kunacepa mphamvu. Cotero Model A, imene inalowa m'malo mwace mu 1927, inadza ndi pampu yozungulira ndi lamba.

Pampu zoyambazo zinatsekedwa ndi cingwe ca mafuta cokulungidwa pa shafiti, ndipo nati inapanikiza cingweco. Kudontha pang'ono sikunaopsa munthu. Woyendetsa anali kutenga sipanala, namangitsa nati pang'ono, napaka girizi, naonjeza madzi a pa Bua kapena pa Dwangwa, napitirira ulendo. Ulendowo unali wautali ndithu, pakuti njanji inafika ku Salima mu 1935, ndipo msika wa okushoni unatsegulidwa ku Limbe mu 1938. M'misewu ya pfumbi imeneyo munabadwa mwambo wakuti galimoto likadontha, ungothira madzi.

Kuyambira cakumapeto kwa zaka za 1930 amisiri a kunja anayamba kusiya cingwe cija. M'malo mwace anaika timphete tiwiri tosalala, kamodzi kozungulira ndi kena koima, topanikizana ndi sipuling'i. Pampu yotere ilibe nati yomangitsa. Pansi pace anaboola kauna kakang'ono, kuti timphete tikaperepeseka madzi aturukire pomwepo, asalowe m'mabering'i. Malole amene anatumikira minda ya Colonial Development Corporation ku Kasungu nkhondo yaciwiri itatha, ndi a Kasungu Flue-Cured Tobacco Authority ndi Press Farming m'zaka za 1970, anagwira nchito m'nyengo ya pampu zatsopanozi. Msika unasendera pafupi, ku Kanengo mu 1979, ndi pambuyo pace ku Chinkhoma kwathu kuno. Koma mwambo wa kungothira madzi unatsala m'mitu yathu.

Taonani tsono m'mene tizindikirira nthendayi lero. Tiyambe injini itazizira, pakuti wotsegula cibvundikiro ca rediyeta yotentha apsa nkhope ndi manja. Tiyale pepala pansi pa injini usiku, kuti m'mawa tione pamene dontho ligwa. Tilondole cinyezi kukwera naco kufikira pamene ciyambira, cifukwa madzi a paipi yong'ambika kapena yomasuka atsikira pa pampu nainamizira mlandu. Tikapeza mkwasa woyera kapena wobiriwira pansi pa kauna kaja, timphete tatha. Ticotse lamba, tigwedeze gudumu la pampu ndi dzanja. Likagwedera kapena kulira pozungulira, mabering'i athanso.

Mankhwala ace ndi amodzi, ndiwo pampu yatsopano. Dzira kapena ufa zimene ena athira m'rediyeta kapena zitseka kabowo ka pa citsulo coima, koma sizikhoza kugwira pa shafiti yozungulira, ndipo zitseka tinjira ta madzi. Mmisiri akhetse madzi onse, amasule mabauti, apale gasiketi yakale kufikira citsulo ciyere, aike yatsopano, namange mabauti mosinthanasinthana, pang'ono pang'ono. Pa magalimoto ambiri a makono pampu iyenda ndi lamba wa taiming'i, ndipo nzeru ndiyo kusintha zonse ziwiri tsiku limodzi. Pomaliza athire kulanti wosakaniza ndi madzi oyera, aturutse mpweya wotsalira, nayang'anire singano ya kutentha.

Dziko lathu liri pamwamba pa nyanja yamcere mamita opitirira 1,000, ndipo kuno madzi owira pabwalo awira asanafike madigiri 100, ca pa 96 kapena 97. Injini yodontha itaya kupanikiza kumene kucedwetsa kuwirako, ndipo madzi a m'dambo aonjeza mcenga ndi dzimbiri zimene zidya timphete. Mutu wa injini ukapindika ndi kutentha, mtengo wace uposa wa pampu kangapo, ndipo mabelo agona pamsewu pamene tsiku lao la pa okushoni lipita.

Akulu anati, fodya wako ndiye ali pamphuno, wa pacala ngwa mphepo. Fodya wa pa lole ali pacala cabe. Mlimi amene anafesa mu September, naokera ndi mvula yoyamba, nafunika kulipira anchito ndi ngongole ya feteleza, ayenera kufunsa mwini galimoto asanakweze belo loyamba: kodi pansi pa injini mwayang'anapo m'mawa uno?