Mano a chilombo cha ku Mwakasyunguti

Mwana wa ku Geisha mumzinda wa Mzuzu akamva za dainoso wodya nyama, chimene chimamubwerera m'mutu ndi Tyrannosaurus rex wa m'filimu ya Jurassic Park. Chilombo chimenecho sichidapondepo dothi la Africa. Kwawo kudali ku North America, ndipo chidatha zaka 66 miliyoni zapitazo. Kuno kwathu kudali zilombo zakezake, ndipo umboni wake suli patali. Munthu akakwera minibasi mumsewu wa M1, n'kutsika zitunda za Chiweta mpaka ku Karonga, amakhala wayandikira makwawa a ku Mwakasyunguti, komwe mvula imakokolola dothi n'kusiya mafupa akale pamtunda.

M'zaka za m'ma 1920, Frank Dixey, katswiri wa miyala wa boma la Nyasaland, adatola mafupa m'derali. Sidney Haughton wa ku South Africa adawaunika, ndipo mu 1928 adatcha nyamayo Gigantosaurus dixeyi. Zitatero nkhaniyi idagona zaka zoposa 50.

Idadzuka mu 1984, Louis Jacobs wa ku Southern Methodist University ku Texas atabwera kudzagwira ntchito ndi nthambi ya boma yoona zinthu zakale. Ntchito yokumbayi njofuna kufatsa. Fupa lomwe lakhala m'nthaka zaka zoposa 100 miliyoni silichedwa kuyoyoka, choncho okumba amachotsa dothi pang'onopang'ono ndi timipeni ndi timabulashi, n'kukuta fupalo ndi masaka oviika m'pulasitala, kenako n'kulinyamula likauma. Mu 1993, chaka chomwe filimu ija idatuluka, nyamayo idalandira dzina latsopano, Malawisaurus dixeyi. Mmodzi mwa amene adaitcha dzinali adali Mmalawi, Elizabeth Gomani, yemwe mu 2005 adafotokozanso dainoso wachiwiri, Karongasaurus. Dzina la mayi ameneyu n'loyenera kumveka m'makalasi a sayansi kuposa mmene limamvekera.

Nyama ziwirizi zidali zodya masamba, zamakosi aatali. Nanga chozisaka chidali chiyani? M'miyala yomweyo mudapezeka mano a madainoso odya nyama, a gulu loyenda ndi miyendo iwiri. Mano okhaokha sakwanira kupatsa nyama dzina, koma amaulula zambiri za khalidwe lake. Dzino la gulu limeneli limakhala lophwatalala, lopindikira kumbuyo, ndipo m'mphepete mwake muli timano ting'onoting'ono ngati ta macheka, tochekera mnofu chilombo chikaluma n'kukoka mutu. Mano ankaguluka pafupipafupi, ena n'kumamera m'malo mwake moyo wonse. N'chifukwa chake chilombo chimodzi chinkasiya mano ambirimbiri m'malo omwe chinkadyera, pomwe mafupa ake ndi osowa. Odya nyama amakhala ochepa poyerekeza ndi odya masamba, komanso mafupa a gululi adali amphako, osavuta kuphwanyika asadakwiririke. Malawisaurus naye adali ndi mafupa ena pakhungu, ndipo akatswiri ena amati mwina ankamuteteza ku mano otere.

Kuti munthu aone msinkhu womwe gulu la odya nyamali lidafika mu Africa, ayang'ane kumpoto. Carcharodontosaurus, yemwe adakhala zaka pafupifupi 95 miliyoni zapitazo, ankatalika mamita pafupifupi 12. Ernst Stromer wa ku Germany adamufotokoza mu 1931 pogwiritsa ntchito mafupa a ku Egypt, koma mafupawo adaonongeka mu 1944 mabomba atagwa pa Munich. Padatenga mpaka 1995 kuti gulu la Paul Sereno lipeze chibade chake ku Morocco, chotalika kupitirira mita imodzi ndi theka.

Ku Mwakasyunguti kudapezekanso kang'ona kakang'ono, Malawisuchus, komwe Gomani adakafotokoza mu 1997. Mano ake am'mbali adali anyanganyanga, otafunira, osiyana kwambiri ndi a ng'ona za masiku ano. Chigoba cha Malawisaurus, choumbidwa motsatira mafupa enieniwo, chimaonetsedwa ku Cultural and Museum Centre Karonga, yomwe idatsegulidwa mu 2004, ndipo sukulu za ku Mzuzu zitha kupita ndi ana kukachiona n'kubwerako tsiku lomwelo.