Moto woyaka ndi moto wofuka m'galaja ya mabasi

Chichewa chimasiyanitsa kuyaka ndi kufuka. Moto woyaka uli ndi malawi, aliyense amauona n'kuthamangira ndowa. Wofuka umadya pansipansi ngati wa mu utuchi kapena wa mu uvuni wa makala, ndipo umatha kukhala maola angapo osaonetsa lawi. Wowotcherera amene wapatsidwa basi yakale kuti aisandutse shopu kapena nyumba yoyenda, ngakhalenso veni yoti aikemo mipando ikhale minibasi, aziopa kwambiri wachiwiriwu.

Chifukwa chake chili m'kapangidwe ka basi. Khoma lake ndi la magawo awiri, lata lakunja ndi chophimba cham'kati. Pakati pake pamakhala siponji, mawaya, guluu ndi fumbi la zaka zambiri, ndipo pansi nthawi zambiri pamakhala thabwa lomwa mafuta. Mukawotcherera mbali ino, kutentha kumayenda m'chitsulo n'kukapsereza zimene zili kuseri, kosafika diso. Chitsulo chimasungunuka pa madigiri pafupifupi 1,500, ndiye kadontho kamodzi kogwera m'mphako n'kokwanira. Akuluakulu anati moto umapita kumene kwatsala tchire. Tchire la basi lili m'mphako zimenezi, ndipo kulilambula n'kuchotsa mipando, zophimba ndi siponji ntchito isanayambe.

Akatswiri a zachitetezo ali ndi dzina limodzi la ntchito iliyonse yotulutsa lawi, kutentha kapena mbaliwali: amati hot work. Ndimalikonda dzinali chifukwa limaika gilayinda m'gulu limodzi ndi makina owotcherera. Anyamata ambiri amavala magalasi akagwira ndodo yowotcherera, koma podula chitsulo ndi gilayinda amangothira mbaliwali paliponse, pamene izo zimauluka patali ndithu. Malamulo a NFPA 51B a ku America amati chilichonse chogwira moto chichotsedwe kapena chiphimbidwe mpaka mamita 11 kuchokera pamalo antchito. Basi yaikulu imatalika mamita pafupifupi 12. Tinene kuti basi yonse.

Malamulo omwewo ali ndi munthu wotchedwa fire watch, mlonda wa moto. Iyeyu sapatsira zida, sagwirira chitsulo. Ntchito yake n'kuyang'ana komwe mbaliwali zikugwera, chozimitsira moto chili m'manja, chifukwa wowotcherera ali m'chigoba chakuda ndipo saona chilichonse kupatula pamene akulumikiza. Kuyambira 2019 malamulowa amati mlondayu akhalebe pamalopo kwa ola lathunthu ntchito itatha, pamene kale inali theka la ola. Ola limeneli ndi la moto wofuka uja. N'chifukwa chake sindigwirizana ndi chizolowezi chomalizitsa kuwotcherera dzuwa likulowa, kenako n'kutseka geti anthu n'kumapita. Mwini galaja wanzeru amazimitsa makina nthawi ikadalipo, ola lomalizalo n'kumasesa, kununkhiza ndi kukhudza malata ndi kuseri kwa dzanja.

Mawu amene apweteketsa anthu ambiri ndi akuti "m'thankimo mulibe kanthu". Chimene chimayaka si madzi a petulowo koma nthunzi yake. Mafuta aliwonse ali ndi flash point, kutentha kumene amayamba kutulutsa nthunzi yokwanira kugwira moto. Kwa petulo n'kotsika kuposa madigiri 40 pansi pa ziro, kutanthauza kuti ngakhale m'kuzizira kwa Juni ku Dedza amakhala wokonzeka kale. Dizilo amafuna madigiri oposa 50, ndipo apa m'pamene anthu amatayirira, kuiwala kuti chitsulo chowotchereredwa chimapitirira pamenepo m'kanthawi kochepa. Thanki yokhuthulidwa imadzaza nthunzi yosakanikirana ndi mpweya, ndipo msanganizo umenewu ndi umene umaphulika. Kutsuka ndi madzi kamodzi sikuichotsa. Nthunzi ya petulo ndi yolemeranso kuposa mpweya, imatsetsereka n'kukakhala m'dzenje lokonzera magalimoto. Ngati ntchito ili pafupi ndi thanki, thankiyo itsitsidwe ipite kutali.

Kenako pali ethi, chopanira chomwe magetsi amabwererako. Chikapanidwa patali, magetsi amadzipezera njira yawo kudzera m'mawaya ang'onoang'ono a galimoto, n'kuwatenthetsa m'kati mwa khoma. Chipanidwe pafupi ndi powotcherera, pachitsulo chopalidwa bwino, batire litachotsedwa. Batirelo palokha limatulutsa mpweya wa haidrojeni, womwe sufuna mbaliwali yachiwiri. Pa limu imene ili ndi tayala musawotchererepo, ngakhale mutaliphwetsa: labala ikatentha imayamba kuwola ndi moto cham'kati, ndipo tayala limatha kuphulika patapita maola.

Zozimitsira moto nazo zili ndi chinenero chake. Gulu A ndi la zolimba monga matabwa ndi nsalu, B ndi la mafuta, ndipo C, m'kawerengedwe ka ku Ulaya, ndi la gasi. Cha ufa cholembedwa ABC ndicho choyenera m'galaja. Madzi amathandiza pa thabwa ndi siponji, koma pa mafuta amangouyendetsa motowo. Pamenepo mchenga ndiye mnzanu. Ndipo siponji ya mipando ikagwira moto, tulukani kaye. Utsi wake uli ndi carbon monoxide ndi hydrogen cyanide, ndipo m'basi ya khomo limodzi munthu amakomoka lawi lisanamufike. Zitseko zonse zikhale zotsekula, kanjira ka pakati kasakhale ndi zitsulo kapena mawaya okola miyendo.