KUCHOKA KU LUMBADZI KUKAFIKA KU JEDDAH



Pamene ife kuno ku Ludzi tikuzinga mbuzi za Idi, anzathu ena ali ku Mina, kumalizitsa mapemphero a Hajj. Tiyeni tione kutalika kwa njira imene ayenda, ndi mmene makolo athu ankaiyendera.

Kuchoka pabwalo la ndege la Kamuzu ku Lumbadzi kukafika pabwalo la King Abdulaziz ku Jeddah pali makilomita pafupifupi 4,000. Ndege imalunjika kumpoto, chopendekera pang'ono kum'mawa, komwe timayang'ana poswali. Amene amadzera ku Addis Ababa amakhala m'mlengalenga maola pafupifupi anayi, n'kusintha ndege, kenaka maola ena awiri ndi theka kudutsa Nyanja Yofiira. Kuuluka kokhakokha ndi maola asanu ndi limodzi kapena asanu ndi awiri basi.

Mabwalo awiriwa si akale ayi. La ku Jeddah linatsegulidwa mu 1981, lathuli mu 1983.

Nanga kale zinkatheka bwanji? M'zaka za m'ma 1840, pamene Jumbe Salim bin Abdallah ankakhazikika ku Nkhotakota, wofuna kufika kunyanja ya mchere ankaoloka nyanja yathu pachombo cha matanga, n'kuyenda pansi miyezi mpaka ku Kilwa. Inali njira ya minyanga ya njovu ndi akapolo, koma maphunziro a dini anadzeranso momwemo: Shehe Abdallah bin Haji Mkwanda anakaphunzira ku Kilwa komweko.

Ukafika kugombe, ulendo unali m'manja mwa mphepo. Zombo zopita ku Arabia zinkadikira mphepo ya kum'mwera, imene Aswahili amati kusi, yoyamba cha mu April. Pobwerera ankadikira kaskazi, ya kumpoto, cha mu November. Ukaphonya nyengo, ndiye kuti wakhala chaka china kwa eni. N'chifukwa chake wopita ku Makkah ankabweza ngongole zonse, kupempha chikhululuko kwa abale, n'kutsazika ngati sadzabweranso.

Lero liwiro labweretsa zake. Ndege imadutsa malire a miqat m'kanthawi kochepa, motero ena amavaliratu ihram ali ku Addis Ababa. Komanso kufupika kwa njira sikunatsegule chipata kwa aliyense. Kuyambira mu 1988 dziko lililonse limapatsidwa malo owerengeka, pafupifupi munthu mmodzi pa Asilamu 1,000. Mu 2020 ndi 2021, chifukwa cha mliri wa Covid-19, ochokera kunja kwa Saudi Arabia sanaloledwe n'komwe. Ndipo kwa mlimi wa mtedza ndi fodya kuno ku Mchinji, maola ochepa aja amafuna zokolola za zaka zambiri.

Choncho abale, kudikira sikunathe. Makolo ankadikira mphepo, ife timadikira ndalama ndi chiphaso. Amene ali ndi niya ayambe lero kusunga pang'onopang'ono kuchokera m'chuma cha halali, ndipo asaiwale mwambo wa makolo wobweza ngongole asananyamuke.

Allah alandire Hajj ya amene apita, ndipo atiitane nafenso. Eid Mubarak.