Mpeni Ukamachedwa: Mawu a Khansa ya Thumbo Lomalizira

Munthu akauzidwa kuti ali ndi khansa m'thumbo lomalizira, lija losunga chimbudzi chisanatuluke, amafuna chotupacho chichoke lero lomwe. Dokotala akati ayambe ndi mankhwala ndi cheza, opaleshoni ibwere pambuyo, achibale amayang'anana pakhonde poganiza kuti awataya. Sanawataye ayi. Chawasokoneza ndi mawu awiri olembedwa mufayilo.

Oyamba ndi locally advanced. Akutanthauza kuti khansayo yakulira pomwe idayambira: yaboola khoma la thumbo n'kulowa m'mafuta olizungulira, kapena yafika m'tianabere tapafupi, koma kuchiwindi ndi kumapapo sinafike. Ndiye kuti mwayi wochira ulipo.

Achiwiri ndi neoadjuvant, chithandizo chotsogolera mpeni. M'chiuno ndi mothinana. Chikhodzodzo, mitsempha ndi ziwalo zoberekera zonse zili momwemo. Chotupa chikayamba chafota, wodula amapeza podutsa. Mu 2004 gulu la Rolf Sauer ku Germany lidaonetsa kuti mwa olandira chithandizochi asanadulidwe, 6 pa 100 aliwonse khansa idaphukiranso pomwepo m'zaka 5, pomwe mwa ochilandira atadulidwa kale adali 13.

Cheza amachiyeza m'magray. Njira yaitali ndi magray 50.4 m'maulendo 28, Lolemba mpaka Lachisanu, wodwala akumwa mapiritsi a capecitabine. Yaifupi ndi magray 25 m'masiku 5. Ambiri amati «kuwotcha», ndipo liwuli limandiwawa chifukwa limathawitsa anthu. Moto palibe. Wodwala amagona chete pamakina mphindi zochepa osamva kanthu. Kutsegula m'mimba ndi kunyeka kwa khungu zimadza patapita masiku.

Opaleshoniyo ndi TME, yomwe Bill Heald wa ku Basingstoke adaifotokoza mu 1982. Amachotsa thumbo pamodzi ndi chikuta chake cha mafuta chili chathunthu. Amene adasendapo mbuzi akudziwa mmene timachotsera ndulu osaiboola, kuopa kuwononga nyama yonse.

Nthawi zina chotupa chimazimiririka mpeni usanafike. Angelita Habr-Gama wa ku São Paulo adayambitsa njira yoti odwala otere asadulidwe, azingoyang'aniridwa mosaphethira: kupimidwa ndi chala, kamera ndi MRI miyezi ingapo iliyonse, makamaka zaka 2 zoyambirira. Chikaphukanso, opaleshoni ija imachitika.