Za Nyumba Yakale ya Mishoni pa Phiri la Mulanje

Ife tonse okhala m'tsinde mwa Phiri la Mulanje tilidziwa phirili monga mwana adziwa nkhope ya atate wake. Tikaona mtambo wakuda pa Sapitwa tidziwa kuti mvula yayandikira, ndipo chiperoni chikayamba m'mwezi wa June tisonkha moto m'nyumba. Koma ambiri a ife, ngakhale akulu a mpingo, sitidziwa kuti pamwamba pake, pa chidikha cha Lichenya, pali nyumba yakale ya Eklesia wathu, imene alendo a kutsidya kwa nyanja agonamo chaka ndi chaka, ife eni ake osaiona ndi kamodzi komwe. Tsono mwezi uno tifuna kulongosola mbiri ya nyumbayo ndi zinzake, ndi kufunsana chimene chidzazigwera m'tsogolo.

Mishoni ya Blantyre inayambika m'chaka cha 1876 ndi Eklesia wa ku Scotland. Mmodzi wa oyamba kudza ndi Mau a Mulungu kuno ku Mulanje anali Robert Cleland, koma sanakhalitse, pakuti malungo anamtenga m'chaka cha 1890 ali mnyamata ndithu. Masiku amenewo dziko linali losakhazikika. Magulu a akapolo anali kupitabe pampata wa pakati pa Mulanje ndi Michesi kunka kunyanja ya mchere, kufikira Boma linamanga linga la Fort Lister m'chaka cha 1893 kuti litseke njirayo. M'chaka cha 1891 Henry Brown anabzala tiyi pa Thornwood, ndipo Azungu anayamba kuchuluka m'dera lino. Koma mdani wao wamkulu anali malungo, makamaka aja odetsa mkodzo, amene anapha munthu wamphamvu m'masiku owerengeka.

Poyamba iwo anayesa kuti nthendayo ichokera m'nkhungu ya m'madambo. M'chaka cha 1897 sing'anga wina, Ronald Ross, ali ku India, anapeza kuti udzudzu ndiwo usenza malungo. Koma ngakhale asanamve zimenezo, anaona ndi maso ao kuti wodwala akakwera kumalo ozizira apeza bwino, ndipo lero tidziwa chifukwa chake: udzudzu suchuluka pamwamba pa phiri. Momwemo amishoni anamanga kanyumba pa Lichenya, kuti wotopa ndi wodwala apumulemo nyengo ya dzuwa. Dzina lake ndi Hope's Rest Cottage, ndipo yakhala chiimire zaka zoposa 100. Pamene ntchito ya mishoni inaperekedwa m'manja mwa Sinodi ya Blantyre, nyumbayo inakhala chuma cha C.C.A.P., ndiye kuti chanu ndi chathu.

Tiyeni tifunse, anaimanga ndani? Paphiri panalibe mseu, ngakhale ngolo. Chinthu chilichonse chosapezeka pamwambapo, misomali, zipangizo, ufa ndi mchere, chinakwera pamutu pa amtengatenga, ndipo odwala ndi akazi a Azungu ananyamulidwa pamachila. Matabwa anachekedwa pomwepo ndi sowo yaitali ya anthu awiri, wina ataimirira pamwamba pa chipika, wina ali m'dzenje, utuchi ulikumgwera m'maso. Anthu a ntchito zotere anali makolo athu, Amang'anja, Ayao, ndi Alomwe amene anaoloka malire kuchokera ku dziko la Apwitikizi. Ambiri anagwira ntchito za Azungu pofuna ndalama ya msonkho wa nyumba. Maina a amishoni tiwawerenga m'mabuku, koma maina a osenzawo akumbukika ndi zidzukulu zao zokha. Chifukwa chake pamene tinena kuti nyumbayo ndi yathu, sitinena za pepala la Sinodi lokha, koma za thukuta limene linagwa m'njira ya ku Lichenya. Mutu umodzi susenza denga.

Ulemerero wa nyumba za paphiri ndiwo mtengo wa mkungudza. M'chaka cha 1891 Alexander Whyte, wodziwa za mitengo ndi nyama, anakwera phiri natumiza nthambi zake ku London, ndipo akatswiri a kumeneko anaupatsa mtengowo dzina lochokera pa dzina lake. Anapeza kuti mkungudza wa mtundu uwu sumera mwachibadwa kwina kulikonse pa dziko lapansi koma pa Mulanje pokha. Thabwa lake chiswe sichilidya, silifumbwa, siliola msanga, ndipo fungo lake lokoma likhalamo zaka zambiri. Owerenga Malembo akumbukira kuti Solomo anaitanitsa mikungudza ya ku Lebano kwa Hiramu mfumu ya Turo pomanga Kachisi. Wathuwu ndi wa mtundu wina, koma omasulira Malembo anaona kuti dzina lake liyenera mtengo wa mafumu.

M'chaka cha 1927 Boma linalamula kuti phiri likhale nkhalango yosungika, ndipo a nkhalango anamanga nyumba zao pa Chambe, Thuchila, Sombani ndi malo ena, kuti agonemo poyang'anira mitengo ndi moto. Pa Chambe pali nyumba yochedwa France's Cottage. Dzinali likumbutsa Fred France, mnyamata wa ntchito ya nkhalango, amene anakokoloka ndi madzi osefuka m'chaka cha 1949 poperekeza Laurens van der Post, yemwe anatumidwa kudzayendera phirili. Van der Post analemba za imfayo m'buku lake Venture to the Interior, koma anasintha dzina la mnyamatayo. Ndipo m'chaka cha 1952 okonda kukwera phiri anapangana bungwe lao, limene lero litchedwa Mountain Club of Malawi, nathandizana ndi a nkhalango kusunga nyumbazo.

Wofuna kugona pa Lichenya anyamuka mamawa pa Likhubula, ali ndi munthu wodziwa njira, pakuti nkhungu ikatsika ngakhale mwana wa pompano asokera. Ayenda chitunda chokhachokha maora ambiri, mwina kufikira dzuwa litapendeka. Atenga kamba wake ndi zofunda zokwanira, chifukwa usiku wa kumeneko uzizira koopsa, ndipo m'miyezi ya June ndi July chisanu chigwa pa udzu. Akafika apeza mlonda, amene amuonetsa potunga madzi namsonkhera moto. Chakudya aphika pamoto wa nkhuni, monga kwathu kumudzi. Kukacha aona minda ya tiyi pansi patali ngati mphasa yobiriwira, ndi nsonga za miyala zilikutuluka m'mitambo. Yaitali koposa zonse ndiyo Sapitwa, ya mamita 3,002. Amene afika pamenepo amvetsa chifukwa chake makolo anaopa phirili, nati ndi mudzi wa mizimu. Ife tiliona ngati ntchito ya manja a Mlengi, koma ulemu umene iwo analichitira suyenera kuchepa mwa ife.

Nyumba zimenezi sizinafike lero zokha. Mphepo inasasula malata, mvula inaolesa mitanda, ndipo nyumba ya a nkhalango ya pa Lichenya inapsa ndi moto, nimangidwanso. Mbadwo uliwonse unapeza chogumuka nuchikonza. Koma taonani vuto la mbadwo wathu. Amisiri akale thabwa likaonongeka analowa m'nkhalango nachekamo lina. Lero alowa kuti? Mkungudza unatchedwa mtengo wa fuko la Malawi m'chaka cha 1984, koma ulemuwo sunauteteze ku nkhwangwa ndi sowo za ocheka mobisa, kapena ku moto wa alenje otentha tchire. Pamene anauwerenga m'chaka cha 2017 anapeza mitengo ikuluikulu 7 yokha, ndipo isanapite nthawi nayonso inagwetsedwa. Kotero makoma a nyumba zakalezi ndiwo mboni zotsala za nkhalango imene agogo athu anayendamo.

Sitinena izi kuti titonze munthu. Tidziwa kuti amene atsika phiri ndi thabwa pamutu, mapazi ali pansi, achita chifukwa cha njala ndi kusowa kwa munda, ndipo phindu lalikulu lidyedwa ndi ogula okhala kutali. Koma phiri likakhala dazi, madzi a mvula sapeza chowagwira, ndipo oyamba kulira ndi ife a m'tsinde. Sitinaiwale napolo wa ku Phalombe wa m'chaka cha 1991, kapena namondwe Freddy wa 2023, amene anakwirira midzi ndi matope ndi miyala. Pali chotitonthoza: kuyambira 2016 a Mulanje Mountain Conservation Trust, pamodzi ndi anthu a m'midzi yozungulira phiri, afesa mbande za mkungudza zikwi zambiri nazibzala pamwamba. Ndipo m'chaka cha 2025 bungwe la UNESCO linalemba Phiri la Mulanje m'kaundula wa malo a mtengo wapatali a dziko lonse lapansi. Komatu kaundula sazima moto.

Tsono abale, tichitenji? Choyamba, aphunzitsi ndi akulu a mpingo akonze maulendo, kuti anyamata ndi asungwana akwere akaone nyumba ya Eklesia wao, pakuti munthu sasamala chimene sanachione. Chachiwiri, amene ali ndi nkhalamba zokumbukira za machila ndi za macheka azifunse zikali ndi moyo, nalembe maina a osenza aja m'buku la mpingo. Chachitatu, tisagule thabwa la mkungudza lodza usiku, ndipo moto ukabuka paphiri tisanene kuti ndi za a nkhalango. Mkungudza ukula pang'onopang'ono, ndipo amene aubzala lero sadzachekapo thabwa. Koma ifenso tinalowa m'nyumba zimene sitinamange. Tibzale, tilambule njira zotchinga moto, kuti mmisiri wa m'tsogolo, pakudza kudzakonza khomo la pa Lichenya, apeze mtengo woyenera nyumbayo.