Wansembe Wakuba wa ku Pyoktong

Pa 2 Novembala 1950, asilikali a ku China anazinga gulu lina la nkhondo la America pa Unsan, ku North Korea. Amene anali ndi mphamvu anauzidwa kuti athawe, koma Bambo Emil Kapaun, wansembe wa Katolika yemwe ankatumikira asilikaliwo pa udindo wa kaputeni, anasankha kutsala ndi ovulala. Pamenepo ndi pomwe anagwidwa. Ataona mdani akuloza mfuti Sajeni Herbert Miller, yemwe anali atavulala mwendo, iwo anamukankhira pambali wamfutiyo n'kumunyamula Miller.

Ukaidi unawafikitsa ku Pyoktong, m'mphepete mwa mtsinje wa Yalu. Kumeneko chisanu, njala ndi kamwazi zinkapha anthu tsiku ndi tsiku. Bambo Kapaun, mwana wa alimi wobadwa mu 1916 ku Pilsen m'chigawo cha Kansas, ankazemba usiku kukaba chakudya n'kudzagawira odwala. Ankasula timiphika ta malata akutha towiritsira madzi akumwa, ankachapa zovala za otsegula m'mimba, ndiponso ankatsogolera mapemphero ngakhale alonda ankaletsa.

Kenaka nawonso anadwala chibayo, magazi n'kuundana m'mwendo. Alonda anawatengera kunyumba imene akaidi ankaitcha ya imfa, ndipo anamwalira pa 23 Meyi 1951 ali ndi zaka 35.

Pomasulidwa mu 1953, opulumuka anatuluka atanyamula mtanda wosemedwa powakumbukira. Anausema ndi Gerald Fink, mkaidi wachiyuda amene sanawaonepo Bambo Kapaun, koma anangomva za ntchito zawo kwa anzake. Umboni wa anthu amenewa ndiwo unachititsa kuti mu 2013 Pulezidenti Barack Obama awalemekeze ndi Medal of Honor, mendulo yapamwamba kuposa zonse kwa msilikali wa America.

Kwa zaka zambiri mafupa awo anali m'manda a asilikali ku Hawaii, pakati pa osadziwika mayina. Anazindikiridwa mu Malichi 2021, ndipo mu Sepitembala chaka chomwecho anaikidwa m'tchalitchi chachikulu ku Wichita. Mu 2025 Papa Francis anavomereza kuti akhale pa mlingo wa Venerable, panjira yopita ku gulu la oyera.

Kwa zaka 70 abale awo analibe manda oti nkulirapo. Chimene chinasunga dzina lawo ndi pakamwa pa anthu amene anadya chakudya chobedwacho n'kukhala ndi moyo.