Kulowa, kulowera, kulowerera

Pa Mubaira, kamsika ka ku Mhondoro m'boma la Chegutu ku Zimbabwe, pamsewu pamamveka Chishona. Koma ukakhala pansi ndi nkhalamba zina zomwe zidakulira m'mafamu ozungulira Chegutu kapena m'makomboni a migodi ya golide ku Kadoma, monga Cam and Motor, Chichewa chimatuluka chokha. Makolo awo adabwera kuchokera ku Nyasaland, ambiri atalembedwa ndi bungwe lotola anthu aganyu lomwe kwathu linkadziwika ndi dzina lokoma, Mthandizi. Mmodzi wa akuluakulu amenewa, titamva wailesi ikukamba za zilango za America, adangoti mayiko amphamvu amakonda kulowerera. Kenaka adabwereza mu Chishona kuti adzukulu amve: kupindira.

Ndidaseka pang'ono, poti kwathu kupinda ndi kwa nsalu kapena mwendo. Kwa Mshona kupinda ndiko kulowa, ndipo kupindira ndiko kulowa m'nkhani ya eni. Zinenero ziwirizi zidatenga njira imodzi: zidayambira pakhomo.

M'Chichewa tsinde la kulowerera ndi -low-. Kulowa ndi mawu aulemu, chifukwa wolowa amayamba ndi odi, nadikira kuti eni nyumba amuyankhe. Tikawonjezera -er-, mawu amaloza kolowera: mwalowera kuti, njirayi yalowera kudambo. Tikabwereza kachiwiri, -erer-, kanthu kamasintha. Kubwerezaku m'Chichewa kumatalikitsa ntchito mpaka kupyola pomwe ikadathera. Kuseka n'kwabwino, koma kusekerera mwana n'kumuwononga. Kuleka ndi kusiya chabe, koma kulekerera ndi kuona choipa n'kukhala chete. Momwemonso kulowerera ndi kulowa kosaima pabalaza, kopitirira mpaka kuchipinda.

Pali tanthauzo lina lomwe aliyense wopita kutchalitchi amalidziwa, la m'fanizo la mwana wolowerera. Apa wolowererayo sadalowe m'nkhani ya munthu. Adapita kutali, nazama m'zimene adakazipeza, mpaka njira yakwawo idamusokonekera. Kwa nthawi yaitali ndinkaganiza kuti awa ndi mawu awiri ongofanana kamvekedwe. Tsopano ndimaona kuti ndi amodzi. Onse awiri akunena za munthu amene walowa mozama koti sakudziwanso potulukira.

Sikuti Achewa amadana ndi kulowerera konse. Banja likavuta ankhoswe amalowererapo, ndipo palibe amene amawatcha osokoneza. Kasiyanidwe kali pa kachidutswa kakumapeto, -po, komwe kamaika malire: alowa pa nkhani iyi yokha. Komanso nkhoswe idasankhidwa ndi eni ake tsiku loyamba, ndipo banja likatha nayonso imachita manyazi. Dziko lamphamvu likamalowerera m'dziko losauka, ndi kangati pomwe lidachita kusankhidwa, nanga likalakwitsa manyazi amagwera ndani?

Nthaka ya ku Mhondoro ikhoza kuyankha. Chapafupi pomwepo padutsa mtandadza wa miyala wotchedwa Great Dyke, momwe muli chrome ndi platinamu. Ian Smith atachotsa Rhodesia mu ulamuliro wa Britain mopanda chilolezo m'chaka cha 1965 kuti azungu ochepa apitirize kulamulira, bungwe la United Nations lidaletsa malonda ndi Rhodesia. Koma mu 1971 nyumba ya malamulo ya America idavomereza lamulo la Byrd Amendment, lolola kugulanso chrome ya ku Rhodesia, ati kuopa kudalira ya ku Soviet Union. Lamuloli lidakhalapo mpaka 1977. Nthawi yomweyo China inkapereka zida kwa ZANU, Soviet Union kwa ZAPU. Aliyense adalowa ndi mbali yake, ndipo pomwe ufulu udabwera mu 1980, zipani ziwirizo zidatuluka kuthengo zili ndi asilikali awoawo.

Kwathu ku Malawi mawu oyenera zaka zimenezo ndi aja ena, kulekerera ndi kusekerera. Kamuzu Banda ankadana ndi chikomyunizimu, choncho mayiko akuzambwe adamusunga ngati bwenzi. Aaron Gadama, Dick Matenje, Twaibu Sangala ndi David Chiwanga adaphedwa ku Mwanza mu 1983, thandizo silidaime. Margaret Thatcher adadzacheza mu 1989. Chaka chomwecho khoma la ku Berlin lidagwa, ndipo bwenzi lija lidayamba kulemera pamsana. Maepiskopi Achikatolika atatulutsa kalata yawo pa 8 Malichi 1992, Chakufwa Chihana n'kumangidwa mwezi wotsatira, mayiko othandiza adakumana ku Paris mu Meyi naimitsa thandizo lachitukuko. Pa 14 Juni 1993 nyali idagonjetsa tambala wakuda pa riferendamu. Akuluakulu amati mlendo amabwera ndi kalumo kakuthwa, ndipo sindikana kuti kalumoko kadameta. Chondivuta n'chakuti kadali m'thumba zaka zonse zija anthu akuthera kundende ya Mikuyu.

Tibwerere ku mawu a pawailesi aja, zilango, omwe Ashona amati zvirango. Tsinde lake ndi -lang-, lomwenso lili mu malangizo. Kulanga poyamba sikudali kukwapula. Anamkungwi amalanga namwali, kutanthauza kumuphunzitsa za ukulu, ndipo chilango chidamera pamenepo chifukwa wophunzitsa ndiye amadzudzulanso. Mawuwa amaganizira kale kuti pali wamkulu ndi mwana. N'chifukwa chake dziko likauzidwa kuti lalangidwa, chimapweteka si njala yokha.

Mu Disembala 2001 George W. Bush adasaina lamulo la ZDERA, lomwe m'dzina lake muli mawu oti demokalase. Limauza nthumwi za America ku IMF ndi World Bank kuti zizikana ngongole zopita ku Zimbabwe kufikira zisankho ndi malamulo zitalongosoka. Chaka chomwecho boma la Robert Mugabe lidasintha lamulo la unzika, kuti aliyense amene kholo lake lidabadwira kunja akakane unzika wa dziko la khololo, apo ayi ataya wa Zimbabwe. Ambiri mwa ana a Amalawi, a ku Zambia ndi a ku Mozambique sadaliwoneko n'komwe dziko lomwe ankauzidwa kuti alikane. Ankaganiziridwa kuti amavotera chipani chotsutsa cha MDC limodzi ndi eni mafamu, ndipo pa chisankho cha Malichi 2002 ochuluka adabwezedwa pamzere. Mafamu atalandidwa, ntchito ndi nyumba zidapita nazo.

Lamulo la ku Washington silidawabwezere voti. Chomwe lidachita bwino n'kupatsa olamulira a ku Harare yankho la funso lililonse: chipatala chikasowa mankhwala, ndalama ikagwa mphamvu, zonse ndi zvirango, ndipo wotsutsa aliyense ndi chidole cha azungu. Kuyambira 2019 tsiku la 25 Okotobala lidasanduka lokumbukira kudana ndi zilangozo. Mu Malichi 2024 Joe Biden adathetsa ndondomeko yakale ya zilango, n'kuika zilango zatsopano pa Emmerson Mnangagwa ndi anthu ena ochepa, koma ZDERA idatsala. Apa m'pomwe tanthauzo lachiwiri lija limandibwerera: wolowa mu 2001 patha zaka zoposa makumi awiri akufunafunabe khomo.

Unzika wa anthu aja udabwerera kudzera m'malamulo oyendetsera dziko a 2013, omwe eni dziko adakambirana okha nawavotera, ndipo amati wobadwira mu Zimbabwe kwa kholo la m'dziko la SADC ndi nzika. Komabe munthu amayenera kupita yekha ku ofesi kukasinthitsa chitupa.

Mkulu uja chake chakale akadali nacho. Adachitulutsa m'thumba la jekete, kachitsulo kopyapyala kokhala ndi chithunzi chofufuma, nandilozera ndi chikhadabo pomwe padalembedwa kuti ndi mlendo, iye wobadwira pafamu ya ku Chegutu. Kwathu akadamutcha mtchona, ngati atate ake omwe adapita ndi Mthandizi osabwerako. Adachikulunganso m'kampango, napinda kanayi, n'kufunsa ngati ku Dedza mbatata adakumba kale.